Jeli wa Tariro ndi Mbuzi za Chiliza

Ana anga, za ubwana wanga pa famu ya fodya ku Odzi munazimva kokwanira, mwina mpaka kutopa nazo, choncho pano sindizibwereza. M'mutu uno ndilemba za ntchito zanga ziwiri za m'tauni, makamaka mmene yachiwiri inathera. Inu mumadziwa kuti ndinapuma msanga chifukwa cha msana. Amayi anu ndi ine tinagwirizana kukuuzani choncho. Msana wanga unalibe vuto, ndipo mpaka lero ndimalima nawo.

2001 mpaka 2009

Famu itagawidwa mu 2001 ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ntchito yanga pafamupo inali yosunga sitolo ndi kuyeza mankhwala opopera fodya. Agogo anu aamuna anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, ndipo tinawaika kumanda a pakomboni, pansi pa mitengo ya bulugamu. Anthu a pakomboni tinabalalika. Ena anatsala kumagwira maganyu kwa eni mapuloti atsopano, ena anapita ku Penhalonga kukasaka golide. Ife tinakweza bedi, mapoto ndi inu nonse anayi pa lole ya munthu wina, n'kukatsikira ku Dangamvura, mu mzinda wa Mutare, m'chipinda chimodzi cha lendi. Panali anthu otiuza kuti tibwerere kwathu, koma kwathu ku Dedza kumeneko ndinali ndisanakuonepo ndi maso. Mchombo wanga unagwera ku Odzi, ngakhale chitupa changa chinkati ndine mlendo.

Ntchito yanga yoyamba ya m'tauni ndinaipeza pa fakitale ina yomata matabwa. Anandiika m'kachipinda koyezera guluu, pansi pa mkulu wina wochokera ku Beira, a Mendesi. Anali munthu wamfupi, wosuta kwambiri, wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chishona, moti tinkamvana popanda womasulira. Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Anandipatsa botolo loyezera n'kunena kuti ndithire madzi mpaka pa mzere. Nditagwada kuti diso lifanane ndi mzerewo, anati, "Basi, uyambe lero. Enawo amathira ataimirira." Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti mphamvu ya chinthu siidziwika ndi maso. Tinkamata timatabwa tiwiri, kutipachika pa mbedza, n'kumakolowekapo zitsulo chimodzichimodzi mpaka titalekana. Ndikalemba nambala mothamanga ankandilanda pensulo. "Mbewe, lemba zimene wachita, osati zimene umayenera kuchita," ankatero. Ndinkawaona ngati ovuta. Lero ndimalakalaka kumvanso chifuwa chawo chija chikubwera pakhonde.

Za 2008 inu akuluakulu mukuzikumbukira. M'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndipo amayi anu ankawoloka malire kukagula mpunga ndi mafuta ku Manica. Kufakitale guluu anasiya kubwera. Tinkafika m'mawa, kuvala maovolosi, n'kukhala padzuwa kumasewera ntchuwa pa maenje amene tinakumba kuseri kwa ofesi. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba kusiya kubwera. A Mendesi anabwerera kwawo, koma asanapite anandisiyira kalata ya umboni ya masamba awiri, yonunkha fodya. Chaka chotsatira geti linatsekedwa.

2010 mpaka 2018

Kalata imeneyo ndiyo inandilowetsa pa koleji ina kunja kwa tauni, monga wosamalira labu ya kemisitiri. Ntchito yanga inali kutsuka mabotolo, kusakaniza mankhwala, kusunga makiyi, ndi kuletsa ana a anthu kudziotcha. Ndinaikonda ntchito imeneyo, ana anga, ndinaikonda kwambiri. Ndinkatsika kombi isanakwane seveni, kutsegula mawindo, fungo la sipiriti n'kundilonjera, ndipo kwa ola lathunthu labu yonse inali yanga ndekha. Zosowa zinali zambiri. Gasi akatha tinkawiritsa zinthu pa pulaimasi. Magolovesi otaya ndinkawachapa n'kuwayanika pa chingwe kuseri, ophunzira n'kumati Mbewe watsegula sitolo ya manja. Madzi a m'mipopi akasowa ndinkatchera migolo pansi pa denga. Anzanga ankanditcha Achimwene, monga amatchulira aliyense wa magazi a ku Malawi. Poyamba zinkandinyansa, koma patapita nthawi ndinayamba kuyankha ndisanaganize.

Mkulu wa labu anali Dokotala Gwenzi. Ankakhala ku Fairbridge Park, ndipo ankabwera ndi jasi loyera losita bwino ngati akupita ku ukwati. Sanali munthu woipa. Amayi anu atadwala anawatengera kuchipatala pa galimoto yawo n'kudikira panja mpaka titatuluka. Koma lamulo kwa iwo linali lamulo, ndipo lalikulu pa onse linali lakuti chakudya sichilowa m'firiji ya labu. Mayi wina wokolopa anabisamo botolo la mahewu tsiku lina lotentha. Pofika madzulo anali atatula yunifomu. Ine ndinapita kukawapepesera, koma Dokotala anangoti, "VaMbewe, tsiku lina munthu adzamwa poizoni muno, ndipo wokauza ana ake ndidzakhala ine."

Tariro anabwera mu 2018 kudzachita digiri yake yachiwiri. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wa mwana mmodzi, mphunzitsi wa sekondale amene anasiya ntchito kuti aphunzire. Tsiku loyamba anawerenga dzina langa pachitseko n'kundifunsa m'Chishona ngati ndine wa ku Malawi. Agogo ake anabwera kalekale kuchokera ku Malawi kudzagwira m'migodi ya ku Penhalonga, ndipo Chichewa chake chinali chothyokathyoka, cha moni ndi kutukwana basi. Kuyambira tsikulo ankanditcha Sekuru, ndiko kuti agogo, ine n'kumamutcha mdzukulu, ndipo tinkanyozana monga achitira agogo ndi adzukulu. Iye ankati tiyi wanga ndi wochapira mabotolo. Ine ndinkati akapita ku Malawi ndi Chichewa chakecho adzamugulitsa iye akuvomera.

Ntchito yake inali yotere. Osaka golide amagwiritsa ntchito mekyuri, ndipo mekyuriyo amathera mumtsinje momwe amayi ake ndi anansi awo amachapa ndi kutunga. Madzi oipawo sasiyana ndi abwino pa maso. Tariro ankafuna kupanga kanthu kotalika ngati chala, koti munthu akakaviika m'madzi n'kukaunika ndi katochi ka kuwala kwa pepo, kaja amaonera ndalama zachinyengo m'masitolo, adziwe ngati madziwo ali ndi mekyuri. Kanthuko kanali jeli. Tinkatenga ufa woyera wa mtundu wa pulasitiki, umene amapangira guluu wa mapepala, kuusungunula m'madzi otentha, n'kuthiramo madontho a madzi ochokera ku makoko a malalanje ootcha. Tikathira m'zikombole n'kuika m'firiji, ankagwirana. Pansi pa katochi kaja jeliyo ankawala mobiriwira, mokongola zedi, ndipo akakhudza mekyuri kuwalako kunkazilala. Nthawi yoyamba kuona zimenezi, nkhalamba ine ndinaomba m'manja.

Vuto linali limodzi, lakuti jeliyo anali wofooka. Ukamunyamula ankaphwanyikira m'manja ngati papaya wakupsa kwambiri. "Sekuru," ankatero Tariro, "amayi anga sangapite kumtsinje ndi supuni. Ndikufuna chinthu choti achiponye m'thumba la epuloni pamodzi ndi sopo." Makina oyezera mphamvu anali atafa kalekale, choncho ndinakumbukira a Mendesi. Ndinakhoma msomali pakhoma, kupana jeli ndi mapegi awiri a zovala, kumangirira kachitini ka jamu kumunsi, n'kumaponyamo manati a mabawuti ofanana, imodziimodzi, mpaka jeli ataduka. Dokotala anaseka, kenaka anati tiyeze nati iliyonse pa sikelo ndipo tilembe. Jeli wa Tariro ankaduka pa nati yachitatu, akalimba yachinayi. Chaka chonse anayesa izi ndi izi. Akachulutsa ufa, kuwala kunkachepa. Akathira mankhwala olimbitsa, jeli ankathetheka ngati bisiketi. Atayesa ufa wa chinangwa, tinapeza nkhungu yamera. Chinthu chimodzi chokha Dokotala analetseratu, kuti jeli asadzaume ngati ayezi, poopa kuti kuwala kungafe. Pomaliza Tariro anaganiza zothiramo tiulusi tosalala totengedwa mu utuchi wa paini, umene ku Mutare kuno timangouponda.

Okutobala 2019

Chaka chimenecho magetsi ankabwera anthu atagona n'kuthima kusanache. Mu labu tinali ndi firiji imodzi yabwino, yolumikizidwa ku sola, yozizira usana ndi usiku popanda kuumitsa zinthu. M'kasitolo kakuseri munali chifiriza chakale cha labala wong'ambika, chimene chinkaumitsa magetsi akabwera, n'kusungunula zonse masana. Palibe amene ankachigwiritsa ntchito.

Mwezi womwewo tinamanga chiliza cha agogo anu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi manda awo anali mulu wa dothi, ndipo manda onse a pakomboni anali tsopano mkati mwa puloti ya munthu, chimanga chikuwayandikira chaka ndi chaka. Zinkandidya mtima. Mwini puloti anavomera kutipatsa tsiku limodzi la mwambo, Lachiwiri. Ndinaitana anthu a pakomboni paja onse amene ndinatha kuwapeza, ndipo Lolemba m'mawa alamu anga anapha mbuzi ziwiri. Masana omwewo uthenga unafika wakuti mwini puloti wapeza thirakitala ya hayala yodzalima Lachiwiri, mwambo udikire Loweruka. Ndinagwira njakata. Kutentha kwa Okutobala mumakudziwa. Kuyanika nyama ya chiliza cha bambo anga ngati ya mlenje, n'kukapatsa anthu zouma, ndinaona ngati kuwanyoza. Kuigawira aneba n'kukafika ku Odzi chimanjamanja, ndinkamva kale akuluakulu akunong'onezana kuti mwana wa Mbewe analowa tauni n'kuiwala mwambo.

Makiyi ndinali nawo. Tsikulo Tariro anali atathira jeli wa nambala 14, woyamba wokhala ndi utuchi, m'thireyi yaikulu, n'kupita ku Penhalonga kukaona mwana wake amene ankadwala. Dokotala anali ku msonkhano ku Harare sabata yonse. Ndinabwera ndi nyama m'zidebe ziwiri zotseka. Kuti zilowe m'firiji yabwino, ndinatulutsa thireyi yaikuluyo n'kukaiika m'chifiriza chakale. Timajeli topanda utuchi, timene Tariro ankayerekezera nato, tinali pa chitseko cha firiji ndipo sindinatikhudze. Ndinadziuza kuti pulasitiki saola, nyama ndiyo imaola. Loweruka m'mamawa ndinatenga nyama yanga, kutsuka firiji ndi sopo, kubwezera thireyi pamalo pake. M'buku la labu ndinalemba ndi dzanja langali kuti nambala 14 wakhala m'firiji masiku asanu, n'kusaina.

Mwambo unayenda bwino. Anthu anabwera kuchokera ku Penhalonga, ku Rusape, ena wapansi kuchokera m'mapuloti oyandikana. Tinapalira manda onse, osati a bambo anga okha. Amayi ena okalamba analira poona mizere ya thirakitala pamene panali nyumba zawo, kenaka anapukuta misozi n'kuyamba nyimbo zimene ndinali ndisanazimve pafupifupi zaka makumi awiri. Mwini puloti anabwera, anavula chipewa, anadya nafe. Nyama inakwanira aliyense. Ndinabwerera ku Dangamvura mtima uli m'malo.

Lolemba Tariro anapana jeli wa nambala 14 ndi mapegi. Anali woyererako ngati mkaka wothira madzi, ndipo tonse tinati ndi utuchi. Nati yachinayi inalowa m'kachitini, yachikhumi, ya makumi awiri. Jeli ankangotamuka ngati labala wa legeni. Manati anatithera pa makumi anayi ndi atatu iye asanaduke. Pansi pa katochi ankawala monga kale. Topanda utuchi tija tinaduka pa nati yachitatu. Tariro anakhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope ndi manja. "Sekuru, utuchi," anatero, "utuchi chabe." Ndinasangalala naye ndi mtima wonse, ndipo Mulungu ndi mboni, za chifiriza sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Dokotala atabwera anayeza okha kawiri, n'kulembera akuluakulu a koleji ndi anzawo akunja kuti wophunzira wawo wapeza chinthu chatsopano.

Novembala 2019

Nambala 15 anaduka pa nati yachinayi. Nambala 16 chimodzimodzi, 17 ndi 18 chimodzimodzinso. Tariro anasintha madzi, anasintha utuchi, anatsuka zikombole mpaka zala kusupuka. Ankafika pakhomo la labu ine ndisanafike. Anaonda tikuona. Dokotala anasiya kucheza naye, ndipo tsiku lina ndinawamva kudzera pachitseko akumufunsa mofatsa, kufatsa koopsa kuja, ngati panalibe chinthu china chimene anathira mu nambala 14 n'kusachilemba. M'sukulu zoterezi palibe mlandu woposa umenewo. Waulesi amadzudzulidwa, koma wonama pa zoyeza amachotsedwa, ndipo dzina lake limamutsogolera kulikonse kumene angakafune ntchito. Anamuikira tsiku lokaonekera pamaso pa komiti.

Apa m'pamene chifiriza chinayamba kundidya mutu. Lolemba lina ndinatenga theka la timajeli totsala ta nambala 18, tofooka tija, n'kutiika m'chifirizacho osauza munthu. Loweruka m'mawa ndinapita ndekha, kupana kamodzi, kuponya manati. Manati onse anatha. Ndinapana kachiwiri, anathanso. Ndinakhala pa mpando. Komiti inali Lachinayi, patatsala masiku khumi ndi awiri.

Ana anga, apa ndipo ndikufuna muwerenge bwino, chifukwa bambo anu sanachite chamuna. Ndinakhala chete. Ndinali nditatsala chaka chimodzi kuti ndipume. Kutaya penshoni sikunkandiopsa kwenikweni, mumadziwa nokha kuti ya masiku ano imathera pa buledi. Chimene chinkandiopsa ndi manyazi. Bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, amene ndinkadzudzula ophunzira akalowa ndi switi, ndichotsedwe chifukwa cha mbuzi, anzanga aja n'kumaseka kuti Achimwene anasandutsa labu butchala. Tsiku lililonse ndinkati mawa. M'mawa uliwonse ndinkamupangira Tariro tiyi pakhonde, iye akulira mwakachetechete, ine n'kumati, "Limba mtima, mdzukulu, zidziwika." Tsiku lina anandiuza kuti wawachenjeza kale amayi ake kuti mwina abwerera kwawo wopanda pepala, ndipo ine ndinangopukusa mutu ngati womva chisoni ndi nkhani ya anthu ena. Tsiku linanso ndinayesa njira ya amantha. Ndinati, "Bwanji osayesa kumuumitsa ngati ayezi?" Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Sekuru, ngakhale zitatheka sizindithandiza. Akufuna kudziwa za 14, ndipo 14 sanaume. Buku likutero, munasaina ndinu."

Lamlungu lomaliza, titaweruka ku tchalitchi, ndinawauza amayi anu. Anali akusankha nyemba pakhonde ndipo sanasiye.

"Ndiye mwana wa eni akuchotsedwa chifukwa cha nyama imene tinadya ife?" anafunsa.

"Mwina komiti imukhululukira."

"A Mbewe, musandipusitse ngati mwana. Munadziwa liti?"

Ndinawauza. Anaika lichero pansi.

"Masiku asanu ndi atatu mukudya m'nyumba muno ndi nkhani imeneyi? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwamva kale, mukudikira kuti atsekule ndani?"

Ndinati nanga ntchito. Iwo anati ntchito tinaitayapo kawiri ndipo sitinafe. Ngakhale atatero, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndinafika pakhomo la Dokotala, kukweza dzanja kuti ndigogode, n'kubwerera.

Lachinayi komiti inakhala nthawi ya teni m'chipinda cha misonkhano. Ndinatenga kajeli kamodzi ka m'firiji, kamodzi ka m'chifiriza, mapegi, kachitini, manati ndi chitsulo chopachikirapo. Ndinagogoda n'kulowa osadikira. Munali anthu atatu a komiti ndi Dokotala mbali imodzi ya tebulo, ndi Tariro yekha mbali inayo, atavala diresi lake la ku tchalitchi.

"VaMbewe, tili pa msonkhano," anatero Dokotala.

"Ndikudziwa, bwana. Mlanduwu ndi wanga."

Ndinalankhula m'Chishona, chifukwa Chingerezi changa chimathawa ndikachita mantha. Ndinanena zonse, chiliza, thirakitala, mbuzi, chifiriza, ndi bodza la m'buku. Mayi wina wa komiti anayamba kuseka pa mbuzi, n'kudzigwira pakamwa. Kenaka ndinapachika timajeli tiwiri tija, tonse ta nambala 18. Ka m'firiji kanaduka pa nati yachinayi. Ka m'chifiriza kananyamula kachitini kodzaza.

Dokotala anadzuka, anakagwira, anakaunika ndi katochi pansi pa tebulo. Kankawala. Anayamba kufotokoza okha ngati aiwala kuti pali mlandu. Anati madzi akauma amakankhira tiulusi ta pulasitiki pamodzi, tikapanikizana timagwirana, ndipo ayezi akasungunuka sititayananso. Magetsi akabwera ndi kuthima kasanu, ndiye kuti mfundo zamangidwa kasanu. "Zili m'mabuku zimenezi," anatero, "ine ndi amene ndinaletsa, poganiza kuti kuwala kufa." Anatembenukira kwa Tariro n'kumupepesa pamaso pa onse, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero. Kenaka anatambasula dzanja kwa ine. Ndinaganiza kuti akufuna moni, koma ankafuna makiyi.

Chifundo chawo chinali chakuti anandilola kulemba ndekha kalata yopuma m'malo mochotsedwa. "Mbuzi ndikanazimvetsa, VaMbewe, inenso ndinaika bambo anga," anandiuza mu ofesi, "koma buku lija sindingalisiyenso m'manja mwanu." Sindinawaimbe mlandu. Ndinapinda jasi langa, kutenga kapu yanga, n'kutuluka.

Tariro anandipeza pa siteji ya makombi masana omwewo. Ndisaname, ndinkayembekeza kuti andithokoza.

"Sekuru, munadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo, ndipo akanakhulupirira. Koma bodza ndinali nditatopa nalo. "Masiku khumi ndi awiri apitawo."

Anawerenga ndi zala. "Ndiye tsiku lija ndinakuuzani za amayi anga, munali mukudziwa."

"Ndinali ndikudziwa."

"Munandipangira tiyi."

Sanakweze mawu. Anatembenuka n'kubwerera ku koleji wapansi.

2022

Ndinkamva za iye kudzera kwa anzanga akale. Anayambiranso, mliri uja wotitsekera m'nyumba unamuchedwetsa, koma anamaliza. Anapeza kuti kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza ndiko kumalimbitsa jeli, ndipo utuchi umawonjezera pang'ono pamwamba pake. Zoti timajelito tinafika kumtsinje kapena ayi sindikudziwa, zinthu za m'sukulu zimayenda pang'onopang'ono. Labu ndimaisowa, ana anga. Ikamakwana seveni m'mawa thupi langa limafunabe kutsegula mawindo aja. Nthawi zina ndikamatsuka matambula ndimapezeka ndikuwaunika padzuwa kuona ngati atsala madontho, amayi anu n'kumandiseka.

Loweruka lina mu Ogasiti ndikuthirira masamba kuseri, ndinamva odi. Anali Tariro, atanyamula buku lakuda lachikuto cholimba. Amayi anu anamulandira ngati mwana wobwera ku ulendo wautali. Anakhala pa mpando, anamwa madzi, anafunsa za umoyo wathu, n'kunditsegulira tsamba lina chapakati. Anali atajambula msomali, mapegi ndi kachitini ka jamu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti njira yoyezerayi inakonzedwa ndi L. Mbewe. Za mbuzi sanalembe. Ndinavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Ndinamuperekeza ku siteji. Kombi itaima anandigwira mkono.

"Sekuru, za mbuzi ndinakukhululukirani tsiku lomwelo. Anali bambo anu, inenso ndikanatero."

"Nanga zinazo?"

"Masiku khumi ndi awiri aja ndikuyesabe."

Ndinamuuza kuti asafulumire. Anakwera, kombi inanyamuka. Amabwera kudzationa Khirisimasi iliyonse, ndipo amayi anu amamusungira nkhuku. Mpaka lero sanandiuze kuti wamaliza kuyesa, ndipo ine sindimufunsa.